Abusa William Murray ndi Buku la Mapangano Awiri



Pamene tinali kukonza magazini ino ya chikondwerero, amayi a komiti anatipempha kuti tilembemo mbiri ya munthu mmodzi wakale amene ntchito yake tikudyerabe mpaka lero. Tinasinkhasinkha masiku angapo osampeza. Tsiku lina pa msonkhano tinayang'ana m'manja mwa amayi amene anakhala pa mabenchi, ndipo tinaona kuti pafupifupi aliyense wanyamula buku limodzi lomwelo. Lina lakutidwa ndi kansalu, lina lang'ambika chikuto, lina ladzaza ndi timapepala ta mavesi. Pamenepo tinamdziwa munthu woti tilembe. Ndiwo Abusa William Hoppe Murray, amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika m'chinenero chathu.

Buku limeneli lili ndi magawo awiri, ndipo maina ake tonse tinawaloweza tili ku kalasi: Chipangano Chakale ndi Chipangano Chatsopano. Koma ndi angati mwa ife anayamba adzifunsa kuti pangano lake ndi lotani, anapangana ndani ndi yani, nanga ife tili mbali iti? Ife olemba nkhani ino sukulu tinalekezera ku pulaimale. Tingofotokoza moyo wa mkulu ameneyu monga tinaumvera ndi kuuwerenga, ndipo m'moyo umenewo tione chimene mau akuti pangano atanthauza.

Banja limene anachokera

A William Murray anabadwa m'chaka cha 1866 ku South Africa. Agogo ao aamuna, Abusa Andrew Murray, anachokera ku Scotland m'chaka cha 1822, nakhala mbusa wa mpingo wa Dutch Reformed ku Graaff-Reinet zaka zambiri. Mkuluyo anali ndi mwambo wopatula madzulo a Lachisanu kuti apempherere chitsitsimutso mu mpingo. Ana ake aamuna asanu anakhala abusa. Mmodzi wa iwo ndiye Andrew Murray wotchuka uja wolemba mabuku ambiri a pemphero, amene analembanso buku lofotokoza za mapangano awiri a m'Baibulo. Mng'ono wake wa ameneyu, William, anali mbusa ku Worcester, ndipo ndiye bambo wa mkulu amene tikumukumbukayu.

Tsono mwanayo anakulira m'nyumba imene inagwiritsa kwambiri Genesis 17, pamene Mulungu analonjeza Abrahamu kuti adzakhala Mulungu wake ndi wa ana ake m'mibadwo yao. Mu mpingo wao, monganso mu mpingo wathu, mwana wa akhristu amabatizidwa akali wakhanda, asanadziwe n'komwe dzina lake. Ichi chimationetsa chinthu choyamba cha pangano la Mulungu: woyamba ndi Iye. Munthu asanatsegule pakamwa kulonjeza kanthu, Mulungu walonjeza kale. Chotsalira kwa mwanayo atakula ndicho kuvomera. A William atakula anavomera, napita ku Stellenbosch kukaphunzira zaubusa.

Ulendo wa ku Mvera

Mbale wao Abusa Andrew Charles Murray, mwana wa bambo ao aang'ono, ndiwo anatsogola kubwera kuno. Iwo pamodzi ndi Abusa T.C.B. Vlok anamanga hema ku Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, pa 28 November 1889. Apa ndipo panayambira mpingo umene lero uli Sinodi ya Nkhoma. A William anawatsatira m'chaka cha 1894.

Masiku amenewo kunalibe njanji kapena galimoto. Munthu wochokera ku South Africa ankakwera sitima ya panyanja yaikulu mpaka ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja. Kuchokera apo ankakwera ndi mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, nayenda pamtunda kulambalala mathithi, nakweranso sitima pa nyanja yathu, kenaka n'kukwera mapiri wapansi kapena pa machira. Malungo anapha amishoni ambiri a nthawi imeneyo, amuna, akazi ndi makanda omwe. M'midzi namo munalibe mtendere, pakuti nkhondo ndi kugwira akapolo zinali zisanatheretu.

A Murray anayamba ndi kuphunzira chilankhulo kwa eni ake, kulalikira, ndi kuyendera sukulu za m'midzi. Sukulu zimenezo zinali za udzu, ndipo aphunzitsi ake anali anyamata a konkuno amene ankaphunzitsa kuwerenga ndi kulalikira pa Sabata. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mkulu wao A.C. Murray anabwerera kwao, ndipo udindo wotsogolera mishoni yonse unagwera a William. Patapita zaka likulu la mishoni linasamuka ku Mvera kupita ku Nkhoma, malo amene anatsegulidwa m'chaka cha 1896 m'dziko la mfumu Mazengera.

Ntchito ya zaka zambiri

Anthu anali kuphunzira kuwerenga, koma choti awerenge chinali chochepa. Dr Robert Laws wa ku Livingstonia ndi Abusa David Clement Scott wa ku Blantyre anali atamasulirako zigawo za Mau a Mulungu, aliyense m'kalankhulidwe ka dera limene ankagwirako ntchito. Motero m'chaka cha 1900 amishoni a mipingo ingapo anakumana, nagwirizana kuti pakhale Baibulo limodzi loti Achewa, Amang'anja ndi Anyanja onse alimve. Anasankha komiti, ndipo katundu wolemera wa kumasulirako anasenza a William Murray, mothandizana ndi Dr Alexander Hetherwick wa ku Blantyre.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mzungu angadziwe Chihebri ndi Chigriki, zilankhulo zimene Baibulo linalembedwamo poyamba, koma mau amene amafika pamtima pa mayi wa kumudzi amawadziwa ndi mwana wa mayiyo. Pambali pa a Murray panakhala amuna a dziko lino, ndipo ena mwa iwo maina ao anasungika: a Jonathan Sande, a Ismael Mwale ndi a Wilibes Chikuse. Tiyenera kuwatchula mokweza, chifukwa kwa nthawi yaitali mbiri inkatchula azungu okha, pamene Chichewa cha m'Bukulo chinadzera m'kamwa mwa amuna amenewa. Mbali yaikulu ya ntchitoyi inachitikira pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera, pamalo a zii, kutali ndi phokoso la pamishoni.

Chipangano Chatsopano chinatuluka m'chaka cha 1906. Chakale, chimene chili chachikulu kuposa chinzakecho katatu, chinatenga zaka zina zambiri. Pakati pake panabuka nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya. Amuna ambiri anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali pa tengatenga, ndipo ambiri sanabwerere. Abusa Robert Napier a ku Blantyre, amene anathandiza kwambiri pa Chipangano Chakale, anaphedwa pa nkhondoyo ku Mozambique m'chaka cha 1918. Nkhondo itangotha kunagwa mliri wa fuluwenza umene unalowa mudzi ndi mudzi. M'zonsezi a Murray anali adakali mtsogoleri wa mishoni, woyang'anira abusa, sukulu ndi chuma. Koma ntchito ya Bukulo sanaitule. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Baibulo lathunthu linasindikizidwa m'chaka cha 1922, zaka 22 chichitikire msonkhano uja.

Mapangano amene anapeza m'Bukumo

Munthu womasulira sadumpha vesi. Ife tikafika pa mitu yovuta timatembenuza tsamba, koma iye amayenera kuima pa liu lililonse mpaka atalipezera mnzake m'chinenero china. Motero a Murray ndi anzao aja anadutsa m'mapangano onse a Mulungu, limodzi ndi limodzi, ndipo ife tiwatsate pang'ono.

Pa Genesis 9 Mulungu anapangana ndi Nowa, ndi ana ake, ndi zamoyo zonse, kuti sadzaononganso dziko ndi chigumula. Chizindikiro chake ndi utawaleza umene timauona m'dzinja. Nowa sanapemphedwe kulipira kanthu. Pangano limeneli ndilo chifukwa chake mvula imagwa m'munda wa wopemphera ndi wa wosapemphera yemwe.

Pa Genesis 15 pali nkhani imene ife inatidabwitsa. Kale anthu awiri akamapangana ankadula nyama pakati, ndipo onse awiri ankadutsa pakati pa zidutswazo, kusonyeza kuti wophwanya panganolo zimuchitikire zomwezo. Abrahamu anadula nyamazo naziyala, koma tulo tatikulu tinamgwira. Amene anadutsa pakati ndi Mulungu yekha, m'maonekedwe a utsi ndi moto. Ndiye kuti mlandu wonse wa panganolo Mulungu anausenza yekha. Ndipo tisaiwale, amayi, kuti pa Genesis 17 Mulungu anatchula Sara ndi dzina, nanena kuti mwana wa pangano adzabadwa mwa iye, angakhale anali nkhalamba yosabala. Mkazi sanali mlendo m'pangano limenelo.

Pa Eksodo 19 mpaka 24 Mulungu anapangana ndi mtundu wonse wa Israele pa phiri la Sinai, nawapatsa malamulo. Tione bwino ndondomeko yake. Anayamba wawatulutsa mu ukapolo ku Ejipito, malamulo anadza pambuyo. Malamulo sanali mtengo wogulira chipulumutso, koma mwambo wa m'nyumba ya Iye amene anawaombola. Anthu onse anavomera ndi pakamwa, koma pasanapite masiku ambiri anadzipangira mwana wa ng'ombe wagolide.

Pa 2 Samueli 7 Mulungu analonjeza Davide kuti ufumu sudzachoka m'banja lake. Ana a Davide ambiri anapanduka, mpaka Yerusalemu anapasulidwa. Ndipo m'masiku amdima omwewo, pa Yeremiya 31, Mulungu ananeneratu za pangano latsopano, limene lamulo lake lidzalembedwa m'mitima, osati pamiyala, ndi machimo adzakhululukidwa osakumbukidwanso. Usiku uja Ambuye Yesu anapereka chikho kwa ophunzira ake, pa Luka 22, anawauza kuti panganolo lakhazikika m'mwazi wake.

Tikaika zonsezi pamodzi tiona chinthu chimodzi. Anthu ndiwo ankaphwanya, Mulungu ndiye ankasunga. Pakati pathu timati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, kutanthauza kuti lonjezo ndi loopsa, silibwezedwa. Herode anasunga lonjezo loipa pophetsa munthu wosalakwa. Mulungu anasunga lonjezo labwino popereka Mwana wake wa Iye yekha.

Liu la kumudzi kwathu

Pali liu limodzi limene omasulira aja anasankha, limene ife amayi timalimva msanga kuposa ophunzira. M'kalata ya kwa Ahebri, pofuna kufotokoza ntchito ya Yesu m'pangano latsopano, anamutcha Nkhoswe.

Ndani mwa ife sadziwa nkhoswe? Ukwati wopanda ankhoswe timautcha chibwenzi chabe. Ankhoswe ndiwo mboni za pangano. Banja likagwedezeka, angakhale pakati pa usiku, timathamangira kwa iwo. Mwana akadwala mwakayakaya amayamba kuuzidwa ndi iwo. Mkazi akalongedza katundu kubwerera kwao, iwo ndiwo amayenda pakati, kupepesa uku ndi kudzudzula uko, mpaka nyumba iimenso. Mlandu ukafika kwa amfumu, amafunsidwa ndi iwo, ndipo manyazi a ana ao amagwera iwo.

Pa chinkhoswe chathu pamakhala a kuchimuna ndi a kuchikazi, aliyense kuimira mbali yake. Koma Yesu ali Nkhoswe ya mbali zonse ziwiri, pakuti ali Mulungu ndiponso munthu. Ndipo pamene ife tinapalamula, Iye sanangotiperekeza ku bwalo, koma analipira mlanduwo ndi moyo wake. Agogo athu amene sanapite patali ndi sukulu anamva chiphunzitso chakuya chotere chifukwa chinawapeza m'mau a pakhomo pao. Iyi ndiyo mphatso imene a Murray ndi anzao anatisiyira.

Kuno ku malire

Ife a ku Mchinji tili ndi chifukwa china chothokozera. Mishoni ya Dutch inatsegula malo ake kuno m'chaka cha 1914, nthawi imene a Murray anali mtsogoleri, boma lathu likutchedwa Fort Manning. Tsidya la malire, pafupi ndi Chipata, amishoni a Dutch ochokera ku Orange Free State anali atayamba kale ntchito ku Magwero m'chaka cha 1899, m'dziko la Inkosi Mpezeni. Mpingo umenewo lero ndi Reformed Church in Zambia. Malire amene azungu analemba anadula pakati pa mabanja. Ena a ife tili ndi achemwali, azakhali ndi ana amene anakwatiwa kutsidyako. Koma Buku Lopatulika linaoloka popanda chiphaso. Tikapita ku maliro kupyola pa Mwami, mlaliki akatchula mutu ndi vesi, timatsegula buku lathu lomweli ndi kutsatira bwinobwino. Pangano la Mulungu silinapangidwe ndi dziko limodzi, pakuti Abrahamu anauzidwa kuti mwa iye mafuko onse adzadalitsidwa.

Pambuyo pake panabwera Mabaibulo ena. Abale athu a Katolika, amene ali ku Kachebere chiyambire 1903, analandira Malembo Oyera m'chaka cha 1966. Kenaka mipingo inagwirizana kumasulira Buku Loyera m'Chichewa chosavuta. Sitikana kuti mau ena a m'Buku Lopatulika ndi akale, ndipo adzukulu athu amatifunsa tanthauzo lake. Wina akawerenga Baibulo latsopano asanyozedwe. Koma Buku lakalelo linakwanitsa zaka 100 m'chaka cha 2022 likadali m'manja mwa anthu.

Zaka zomaliza

A Murray anakhala ndi moyo mpaka kuona zipatso zina. M'chaka cha 1925 mpingo wa Nkhoma unayamba kudzoza abusa a dziko lino, ndipo oyamba anali Abusa Andreya Namkumba ndi Abusa Namon Katengeza. M'chaka cha 1926 Nkhoma inalowa mu CCAP, m'mene Livingstonia ndi Blantyre anali atagwirizana kale m'chaka cha 1924. Buku Lopatulika linakonzedwanso m'chaka cha 1936. A Murray anapuma pa ntchito m'chaka cha 1937, atatumikira dziko lino zaka 43, nabwerera ku South Africa. Anamwalira m'chaka cha 1947. Dzina lao lili pa sukulu ya sekondale ya William Murray ku Nkhoma.

Sitikulemba ngati kuti amishoni anali angelo. Anali anthu a nthawi yao. Anachedwa kupereka udindo kwa eni dziko, kotero kuti ulamuliro wonse unaperekedwa ku Sinodi ya Nkhoma m'chaka cha 1962, ndipo amayi anadikira nthawi yaitali koposa kuti mau ao amveke mu mpingo. Mpingo umene unawatuma unadzaikira kumbuyo tsankho la khungu ku South Africa kwa zaka zambiri, mpaka pambuyo pake unavomera kuti linali tchimo. Izi sitizibisa. Koma Buku limene anatipatsa ndi lomwelo limene limatsutsa tsankho. Nowa analedzera, Abrahamu ananama, Davide anachita chigololo, koma pangano silinagwe, chifukwa silinatsamire pa iwo. Mthenga akhoza kupunthwa panjira, koma kalata ndi ya Mwini wake.

Nanga ife?

Chigwirizano chathu chinayamba mu Sinodi ya Nkhoma m'chaka cha 1940, a Murray atachoka kale, ndipo tsopano papita zaka zopitirira 80. Amayi oyambawo sakadatha kuphunzitsana Mau, kuyendera odwala ndi kutonthoza ofedwa akadapanda kukhala ndi Buku m'chinenero chao.

Tsiku limene tinavala bulauzi yoyera ndi duku loyera tinaima pamaso pa mpingo ndi kulonjeza. Tsiku la ukwati wathu tinalonjeza. Tsiku limene tinanyamula khanda kupita nalo kutsogolo kuti libatizidwe, tinalonjeza kulilera m'chikhristu, kulipempherera ndi kuliphunzitsa. Tiyeni tinene zoona, amayi. Ena mwa ana amenewo lero salowa m'tchalitchi. Ena ali ku Lilongwe, ena ku Lusaka, ena ku Johannesburg, ndipo sitidziwa ngati amapemphera. Ena ali pakhomo pomwepa, koma mowa wawatenga. Ena mwa ife mabanja anagwedezeka, ena anatha. Alipo amayi amene anasiya kubwera ku msonkhano chifukwa cha manyazi, poganiza kuti iwo pangano analiphwanya ndipo Mulungu wawataya.

Kwa mayi wotere tikuti, werenganinso Genesis 15. Abrahamu anali m'tulo pamene Mulungu anadutsa pakati pa nyama zija. Madzi amene anathiridwa pamutu pa mwana wanu sanali lonjezo lanu lokha, koma chizindikiro cha lonjezo la Mulungu, ndipo pa Machitidwe 2 Petro anauza khamu lija kuti lonjezolo ndi lao pamodzi ndi ana ao, ndi onse akutali amene Ambuye adzawaitana. Sitinena kuti ubatizo umapulumutsa munthu wosalapa. Mwanayo ayenera kuvomera yekha, monga a William Murray anavomera. Koma khomo lili lotsegula, ndipo Nkhoswe ali moyo. Agogo aja a ku Graaff-Reinet anapemphera Lachisanu ndi Lachisanu zaka zambiri, osadziwa kuti mdzukulu wao adzapereka Baibulo kwa anthu a mtundu umene iwo sanauonepo. Musaleke kutchula dzina la mwana wanu m'pemphero.

Ndipo ife amene tikadali m'Chigwirizano, tisamdikire mayi wamanyaziyo kuti abwere yekha. Tipite awiri awiri kunyumba kwake, monga amachitira ankhoswe, tikakhale naye pamphasa ndi kumuwerengera. Madzulo tikatha kudya nsima, titsegule Bukulo ndi adzukulu athu, ndipo akafunsa tanthauzo la liu lovuta tisawakalipire, tiwafotokozere. Amuna aja anatha zaka zambiri pa phiri la Kaso kufunafuna liu loyenera. Ife sitingalephere kupatula mphindi zochepa.

Pa Mgonero ukudzawu, pamene chikho chidzafika m'manja mwathu, tikumbukire kuti ndi chikho cha pangano, ndipo Iye amene analonjeza sanabwezepo mau ake.

Ambuye adalitse Chigwirizano chathu ndi mabanja athu onse.

Mlembi wa Chigwirizano